Makatoni a Nangozo

Lolemba

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino ndi mkazi wanga Nangozo linali Lamulungu wamba. Tinakwera basi kupita ku msika waukulu wa Atchaina muno mu Dubai kukagula mphete zopachikira makatani. Anakangana ndi wogulitsa chifukwa ankafuna zamatabwa, osati zapulasitiki. Ine ndinangoima ndi jumbo m'manja. Tinamwa tiyi wa karak, iye akudandaula kuti shuga wachuluka, koma anamaliza wake ndi wanga yemwe. Pobwerera anati mutu ukumulemera. Lachiwiri lake anagwa ku ntchito ku Al Warqa ali mkati mosita. Sanadzukenso. Miyezi inayi tsopano.

Lero mwini fuleti wagogoda. Chipinda chino ndi cha anthu awiri, akuti, ndipo pali banja lina likudikira. "Sande, khalas." Ndiye kuti basi, Lamulungu ndikhale nditatuluka. Ndisamukira pa bedi yapamwamba m'chipinda cha amuna asanu ndi mmodzi. Kumeneko munthu amalowa ndi sutikesi imodzi.

Ine ndili ndi makatoni asanu. Onse a Nangozo, onse a nyumba ya ku Dedza.

Nyumbayo ili pa boma, kuseri kwa msika. Anamanga mmwenye wa sitolo. Apongozi anali telala pakhonde pake, ndipo mmwenye atasamukira ku Limbe anaigula. Njerwa zootcha, makoma okhuthala moti pazenera umakhalapo ngati pa benchi. Simenti yofiira. Pabalaza pali posonkhera moto ndi chumuni. Mawindo amatabwa asanu ndi atatu, aatali kuposa ine. Mu Juni chifunga chimafika mpaka pakhonde, anthu a kachewere n'kumausa pamenepo podikira msika. Tinapangana kuti tikatopa ndi Dubai tikakalambira mmenemo.

Pulani:
1. Kuyeza makatoni.
2. Kuimbira alamu Lameki, amene akusunga nyumba.
3. Kutumiza pa kago Loweruka.
4. Disembala ndikapachike makataniwo ndekha.

Si zovuta.

Lachiwiri

Ndatsegula makatoni ndisanapite ku ulonda. Muli:
makatani obiriwira a mawindo onse asanu ndi atatu
zogwirira zitseko zamkuwa
polishi wofiira wa pansi, zitini khumi ndi ziwiri!
chitsulo chotakasira moto (mu Dubai muno anachipeza kuti?)
zovala zake, nsapato, foni

Chipinda tagonamo zaka zisanu ndi chimodzichi chilibe zenera ndi limodzi lomwe. Sindinaliganizepo mpaka lero.

Wa kago wanunkhiza chitini chimodzi. Polishi sakwera ndege, akuti amayaka. Pa sitima, miyezi itatu, inshallah. Chabwino, sitima.

Ndaimbira alamu. Akondwa kwambiri. "Makatoni asanu a ku Dubai, alamu? Asanu?" Ndapempha kuti andionetse nyumba pa vidiyo. Pa maliro sindinaione: tinaika kumudzi, masiku anga a tchuthi anali ochepa, ndipo iwo ankangoti zonse zili bwino. Lero akuti netiweki.

Lachitatu

Mbumba yonse yamva. Mauthenga khumi ndi anayi. Wina akuti TV ikhale yake poti ndi amene anaphika pa maliro. Wina akufunsa ngati muli njinga. M'katoni!

Ndapemphanso chithunzi cha mawindo. Alamu atumiza chithunzi chawo, atavala jekete, chala chachikulu m'mwamba. Ndakulitsa ndi zala ziwiri kuti ndione kumbuyo kwawo. Zenera lilipo. Laling'ono, la aluminiyamu, galasi labuluu.

"Amatabwa aja chiswe chinayamba, alamu. Taika amakono."

Onse asanu ndi atatu? Onse.

Ndatambasula katani limodzi pa bedi. Pa zenera latsopanolo theka lake lizikwekwereka pansi. Zilibe kanthu, atelala alipo, akhoza kupinda. Polishi akadali ndi ntchito. Zogwirira zikadali ndi ntchito.

Lachinayi

Netiweki yapezeka nthawi ya nkhomaliro. Ndaonera ndili pa benchi ya alonda kuseri kwa molo, chinyumba cha masitolo chimene ndimalondera, mpunga pamwendo.

Alamu akuyenda ndi foni pang'onopang'ono ngati akundionetsa mwana wobadwa kumene.

Pansi: matailosi oyera.
Zitseko: zachitsulo.
Chumuni: anagwetsa, njerwa zake zinamanga bafa. Posonkhera moto paja paima filiji.
Khonde: palibe. Aligawa patatu ndi makoma. Wometa, wotchaja mafoni, ndi wogulitsa mankhwala a kachewere. Pamene pankakhala makina a apongozi, pamene ndinaima tsiku lofunsira, pali munthu akumetedwa ndevu. Wandibayibitsa.

Ndafunsa chifukwa chake. Alamu anditumizira chithunzi. Ndi ife awiri, ine ndi Nangozo, ku molo ya Festival City, titaima pa matailosi onyezimira kutsogolo kwa magalasi abuluu. Tinkapitako pa Khirisimasi kukajambulitsa, kuti akumudzi asadziwe za chipinda chino. Chaka chilichonse tinkatumiza.

"Tinkafuna mlongo wanga akabwera asachite manyazi ndi kwawo. Tinkafuna timudzidzimutse."

Alira. Ine ndawatonthoza. Ndati nyumba yakongola. Mpunga sindinamalize.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru ina. Chipinda chakumbuyo sanachionetse. Mwina simenti yofiira ikadalimo. Chipinda chimodzi chikwanira: katani limodzi, chitini chimodzi, ine.

Ndaimbira amalume ake a Nangozo. Andipatsa moni wautali, afunsa za kutentha, afunsa ngati ngamila ndimaziona. Kenako mofatsa: "Inu atate, tinakhala nanu bwino. Koma nyumba ndi ya mbumba. Mkamwini amamanga kwawo." Chipinda chakumbuyo anabwereketsa munthu wosungiramo matumba a kachewere. Akuti ndikadzabwera Disembala adzasuntha matumba ena, ndidzagona.

Zaka makumi awiri ndi zitatu m'banja. Adzasuntha matumba ena.

Sanalakwe. Ndimadziwa mwambo. Ndinangoiwala, poti Nangozo akamanena za nyumbayo ankati "kwathu", ine n'kumadziwerengera momwemo.

Madzulo kwabwera Tembo wa ku Chipata, amene adzagona pansi pa bedi yanga, kudzaona katundu. Wanyamula chitsulo chotakasira moto, wachitembenuza. "Mdala, ici n'ca braii?" Ndamufotokozera za nyumba. Wamvetsera mpaka kumapeto, ndipo si munthu womvetsera. Kenako akuti: "Mu Dubai nyumba ikakwanitsa zaka makumi awili amaigwetsa. Yanu ija inakhalitsa. Yalla, tiyeni tikadye."

Loweruka

Tsiku la kago. Ndapita ndi katoni imodzi: zovala, nsapato, zitenje, foni. Izi ndi za abale ake, agawane monga timachitira. Ndaikamonso juzi yake yofiirira imene anagulira kuzizira kwa ku Dedza. Ndinaitulutsa kawiri pa mzere. Kachitatu wa kago anali atamata kale.

Alamu: "Imodzi, alamu? Nanga anayi aja?" Ndati akubwera pa sitima. Bodza langa lachiwiri kwa iwo sabata ino. Laphweka kuposa mmene ndimayembekezera.

Ndayenda m'dera lathu lino la International City ndi zitini m'jumbo. Wa golosale sakufuna. Wokolopa m'nyumba yathu waseka: pansi ponse ndi matailosi, apaka pati? Mu Dubai monse mulibe simenti yofiira! Tembo wayesa pa nsapato zake za ku ntchito. Zafiira. Akuti abwana ake akafunsa adzanena kuti ndi fasho ya ku Malawi.

Banja latsopano labwera kudzaona chipinda. Ndawapatsa makatani. Mkaziyo wawasisita, wayang'ana makoma onse anayi, wandibwezera n'kuthokoza. "Shukran, baba."

Lamulungu

Ndasamuka. Sutikesi imodzi.

Makatani ndapatsa anzanga a m'chipinda chatsopano. Aliyense amafuna chotchingira bedi yake, ena amagwiritsa matawulo. Tembo wabwereka sizasi. Atangoyamba kudula ndatuluka, ndakaima pa masitepe mpaka atamaliza. Langa sanadule. Likuchokera kudenga, kutchinga bedi yanga ndi yake, n'kutsalako pansi. Amuna asanu ndi mmodzi m'chipinda chobiriwira. Wina akuti tsopano chaoneka ngati hotela.

Zogwirira zamkuwa watenga Mpakistani wotola zitsulo. Chotakasira moto chapita ndi Tembo, akuti tidzawotchera nyama tsiku lina. Sitidzawotcha.

Polishi ndamundandalika pambali pa bini ya panja, zitini khumi ndi chimodzi, ndalemba pa katoni kuti zaulere. Kuno ukasiya mpando wothyoka, pakatha ola umapeza wapita. Ndadutsapo masana, ndadutsaponso dzuwa likulowa. Zonse zilipo. Kutentha kwasungunula polishi, akudontha m'mbali mwa zitini.

Mawa ulonda sikisi koloko.