Sabata Imene Apongozi Anadya Manyutiloni

Lolemba

Apongozi, bambo ake a mkazi wanga Nabanda, andipeza chogwada pakhonde, wopanda shati, ndikuwerenga nyemba imodziimodzi. Digiri yonse ija! Akunong'oneza mwana wawo: "Kodi njala yafika pamenepa?"

Si njala. Lachisanu kukubwera oyendera masukulu kudzaonerera phunziro langa la Fomu 3. Akakhutira, ukulu wa dipatimenti ya sayansi ndi wanga. Ndiye ndikupanga maatomu m'mbale:

nyemba: mapulotoni
mtedza: manyutiloni
soya m'mphepete: maelekitiloni

Nyemba zisanu ndi imodzi, ameneyo ndi kaboni basi. Mtedza ukakhala 6, kaboni-12. Ukakhala 8, kaboni-14. Dzina limodzi, kulemera kosiyana: maisotopu. Ndani sangamve?

Apongozi akuti angodutsa, mawa abwerera ku Nkhamenya.

Lachiwiri

Sanabwerere.

Ndikuweruka, ndikupeza kaboni-14 ali pamiyendo pawo. "Yewo chomene, mkamwini. Koma mukanakazinga."

Wolakwa ndine. Mbale yosiyidwa patebulo pamaso pa mlendo ndi chakudya. Nanga apongozi n'kuwalanda mbale? Ndikumwetulira. Nyemba zilipo zonse, ndiye akadali kaboni, wangowonda.

Lachitatu

Ndikufotokoza mwaulemu, manja ali pamodzi. Akumvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ngati mabelo awiri a fodya wa giledi imodzi, lina lolemera, lina lopepuka."

Ndendende! Zaka zinayi ku koleji, palibe anandiuzapo momveka chonchi. Ndalemba m'buku.

"Ndiye mtedzawu ndi miyala ija amabisa m'belo anthu achinyengo." Akuichotsa miyalayo umodziumodzi. Akutafuna. Munthu wachilungamo!

Lachinayi

Ndapita ku Chamama kukagula mtedza wina. Mbale zonse pamwamba pa kabati. Ndawerenga katatu.

Ndikufunsa Nabanda, mwakachetechete, ngati bambo anenapo za ulendo. "Afunseni nokha." Akudziwa kuti sindingathe.

Apongoziwo akonza chitseko cha khola, anola makasu, ayendera zigafa za aneba onse n'kuwauza kuti fodya wawo wapachikidwa mothinana. Munthu wonola makasu a eni sachoka mawa.

Lachisanu

Oyendera ali kumbuyo, cholembera m'manja. Ndikuyenda bwino. Za mabelo zija ndazinena ngati zanga, ana a alimi akugwedeza mitu. Ndikukweza mbale: "Kaboni-14! Bwera udzawerenge."

Mtsikana wa kutsogolo akuwerenga. Akubwereza. "Sala, nyemba zilipo 7. Mtedzanso 7. Uyu si naitirojeni?"

Ndi naitirojeni.

Oyendera akulemba. Akulembabe. Tsamba lachiwiri.

Kunyumba, apongozi akundiuza okha, monyadira. M'mawa ndili kubafa anatola nyemba pansi pa kabati. "Mbewu sataya, mkamwini." Anatsitsa mbale, naponyamo. Ndipo poti mbale inali kale m'manja, mtedza umodzi...

Kaboni-14 amasandukadi naitirojeni, koma pamatenga zaka zikwizikwi. Apongozi, m'mawa umodzi, asanamwe tiyi.

Loweruka

Ahedi ndakumana nawo pachigayo. Akuti oyendera ayamikira zinthu ziwiri: mtsikana uja, ndi chitsanzo cha mabelo. Pa mphunzitsi alemba kuti "azikonzekera mokwanira". Dipatimenti apatsa mnzanga wa bayoloje, amene amaphunzitsa ndi choko chokha. Choko sichidyedwa.

Nabanda: "Nyemba imodzi yokha?"

Imodzi yokha, mayi. Ndi zimene ndakhala ndikunena sabata yonse.

Lamulungu

Tabwerako kutchalitchi, chikwama cha apongozi chili pakhomo! Palibe wawafunsa. Akuti fodya wawo sangadzisankhe yekha.

Nabanda waviika mapulotoni, ndiwo zamawa. Maelekitiloni ndamwazira nkhuku. Manyutiloni otsala ndakazinga ndekha, ndathira mchere, ndawamangira m'pepala.

Akukwera kabaza. "Chaka chamawa ndikabwera mudzandiphunzitse za soya uja. Sindinamulawe."

Ndikubayibitsa mpaka njinga yabisika kuseri kwa zigafa. Ndikudikirabe pang'ono, mwina aiwala chipewa.

Sanaiwale.