Mlendo ndinamusiya m'nyumba

Mpaka lero ku Kanyama kuno akaona mlendo amandiseka. Asiyeni aseke, sanali m'thupi mwanga.

Bambo a Tamara atandisiya kupita ku Solwezi, alongo awo anatumiza mawu akuti mwana ndi wawo, adzamutenga. Chiyambire, pakhomo panga sipankafika munthu. Ndinkacheza ndi khanda langa, Tamara.

Tsiku lina kunabwera mtsikana wa ku yunivesite. Anati akufananitsa malamulo, a mwambo wa Achewa, wa Angoni, a Chisilamu ndi a kukhoti, ndipo aliyense amamufunsa nkhani imodzimodzi kuti aone posiyana.

"Tikambe kuti mwamuna wasiya mkazi, afuna kutenga mwana," anatero. "Kwanu mwana amakhala wa ndani?"

Nkhani yangayi waimva kuti? Amutuma alamu anga aja.

"Nilibe mwana ine, ba sisita."

"Nanga matewera ali pachingwe?"

"Ni ya ba neba." (Aneba ake ndi amuna awiri owotcherera mageti.)

Pomwepo Tamara analira kuseri kwa katani. Ndinati ndi mphaka. Mphakayo anatsokomola.

Mtsikanayo anangomwetulira, n'kufunsa mtundu wanga.

"Mtundu uti umapasa mwana kuli amai?"

"Achewa."

"Ndine Mchewa."

"Koma kwa Angoni, ngati lobola inaperekedwa..."

Bambo a Tamara ndi Mngoni, ndipo anaperekako pang'ono. Ndinafunsa za Asilamu (ndinali wokonzeka kulowa tsiku lomwelo). Asanamalize kuyankha anawonjezera kuti khoti lili ndi kaonedwe kake.

Khoti. Ndinang'amba katani, mwana kumsana, ulendo. Nyumba yosatseka, nyemba pambaula, mlendo pampando. Ndinakabisala kuseri kwa tchalitchi, pamatope, mpaka dzuwa kupendeka.

Pobwera ndinapeza nyemba zophula, chitseko chokoka bwino, ndi amayi eni nyumba atagwira m'chiuno.

"Iwe, wathawa chani? Mwana wa bene wakulondera nyumba mpaka njala. Funso yamene ija anifunsa na ine, bana banga bali na ndevu."

Ndinalowa, n'kukhala pansi. Munthu woyamba kukhala m'nyumba mwanga, komanso yekhayo wodziwa zimene khoti limanena za Tamara, ndinamuthawa asanatsirize chiganizo.

Akuti adzabweranso kudzatsiriza kufunsa nyumba za mumzere wathu. Ndidzamuphikira tiyi, ndidzamvetsera mpaka mapeto. Koma Tamara tsiku limenelo adzakhala ku Matero kwa azakhali anga.