Tsiku Limene Apongozi Anandiponda Pamsana

Anthu a kwathu akafuna kundiseka amangoti, "Msana uli bwanji?" Asekeni. Nkhani yake ndi yochititsa manyazi ndithu, koma poifotokoza sindiweramitsa mutu.

Masiku amenewo ndinali woyendetsa chikepe pafakitale ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Chikepecho chinali bokosi lamatabwa lokokedwa ndi lamba wa injini, lonyamula matumba a masamba kupita nawo m'mwamba kofotetsera. Munthu wololedwa kukweramo ndinali ine ndekha, ndipo ndinkayenda chifuwa patsogolo. Kunyada kumeneku kunandipalamulitsa. Tsiku lina, nditavala kabudula wanga wakhaki, ndinakumana ndi apongozi anga, mai a mkazi wanga Esinati, ndipo m'malo molumphira kutchire monga achitira mkamwini wamwambo, ndinangopatuka pang'ono (kabudulayo anali watsopano, ndipo udzu unali ndi mame). Amalume a Esinati anandiitana nandiuza kuti ndikadzabwerezanso, ndidzanyamule mkeka wanga ndibwerere kwathu ku Manguru. Esinati anali ndi pakati, ndipo kumusiya kukanakhala imfa yanga.

Tsono fakitaleyo inali yakale, yomangidwa pamwamba pa kasupe wokwiriridwa. Dzinja lililonse nthaka inkasuntha, khoma la kumunsi nkumatitimira. Mng'alu unakula mpaka buluzi ankalowamo osapinda mchira. Mitengo iwiri imene chikepe chinkatsetserekamo inayamba kupendekeka, ndipo chikepe chinkaima chisanalingane ndi thabwa la m'mwamba. Ine mankhwala anga anali girizi basi. Aliyense wofunsa ndinkamuyankha kuti chikepe changa chimamva mawu anga.

Mvula itagwa sabata yathunthu, makwerero amene amayi oyala masamba ankakwerera anasiyana ndi khoma. Masamba akakhalitsa m'thumba amapsa, choncho a kapitawo analamula kuti amayiwo ndiwakweze pachikepe mmodzimmodzi. Womaliza kulowa, nsalu ataphimba kumutu, anali apongozi anga! Ndinayesa kudandaula, koma a kapitawo anati tiyi sadziwa chipongozi. Ndinaimika thumba pakati pathu, iwo anayang'ana khoma lawo, ine langa, ndipo ndinakoka chitsulo.

Tinakwera bwinobwino mpaka mutu wanga unasuzumira m'mwamba. Kenaka kwee! Chikepe chinapanikizika pakati pa mitengo ija, lamba nkuvuka. Ndinagwedeza chitsulo, ndinachinyengerera, ndinachitukwana chamumtima, koma zi. Fumbi la njerwa linayamba kutithothokera, chingwe chikulira ngati mbuzi yomangidwa. Pansi anthu anasonkhana, ena akufuula kuti tidumphe, ena akuseka kuti mkamwini wamanga nyumba imodzi ndi apongozi ake.

Potulukira panalipo, pakati pa denga la chikepe ndi thabwa la m'mwamba, koma panali pofika m'khosi mwanga. Ine ndikanatha kudzikoka nkutuluka. Nanga iwo? Amayi a m'mwamba anatambasula manja koma sanawafikire. Kuwanyamula sindikanatha, pakuti dzanja la mkamwini silikhudza mpongozi. Kulankhula nawonso kunali koletsedwa. Ndiye ndinalankhula ndi thumba.

"Thumba iwe, kauze eni mudzi kuti pano pali mpando. Apondepo akwere."

Ndinagwada, manja pansi, nkhope m'masamba. Kenaka ndinamva mawu awo, nawonso akuuza thumba lomwelo.

"Thumba, ufunse mpandowo ngati suthyoka. Ine si mwana."

"Uwauze kuti mpandowu ndi wa m'bawa."

Abale, apongozi anga anali munthu wathupi lake, ndipo chidendene chawo chinali chong'aluka ngati khoma la fakitale lomwelo. Anaponda phazi loyamba, ndinaona nyenyezi masana. Anaponda lachiwiri, msana unati gwede, koma sindinabuule. Amayi aja anawakoka, ine nkutsatira pambuyo chokwawa, kabudula uja atang'ambika malo oipa. Chikepe chinakhala pomwepo mpaka amisiri atachirikiza khoma ndi mitengo ya bulugamu.

Madzulo ake amalume anaitanitsa bwalo. Mlandu unali woti ndinakhala m'bokosi limodzi ndi apongozi anthu akuona. Ndinali nditapinda kale mkeka, Esinati akulira kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anakhala chofulatira, nati iwo m'chikepemo sanaonemo mkamwini aliyense. Anaonamo thumba ndi mpando, ndipo mpandowo unali wolimba kuposa fakitale ya mzungu. Anawonjeza kuti wofuna kuuchotsa pamudzipo ayambe wagwada iyeyo, amuponde, tione.

Amalume anayang'ana thupi la mlongo wawo, nakhosomola, nati nkhani yatha.

Mwana amene anabadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana ake. Mumati ndinaphunzirapo kudzichepetsa? Ayi ndithu. Msanawu umandipweteka mvula ikamabwera, ndipo ukayamba ndimaonetsetsa kuti mudzi wonse wamva chimene unanyamula.