Seketi inandilanda mbeta

Mpaka lero ndikamadutsa ku Kawale ndimayenda chowerama. Zinachitika mu 2004, ndili mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina yapulayiveti ku Area 25, mutu utadzaza mawu a m'dikishonale.

Lamlungu lina masana ndinapita ku Kawaleko kukaonekera kwa makolo a Estere, chibwenzi changa. Ndinapeza magetsi atathima m'nyumba mwawo mokha, kwa aneba wailesi zikulira.

"Akuti vuto ndi seketi," anatero bambo ake, a Makwinja. "Kaya n'chiyani chimenecho."

Ndikanangoti pepani. Koma ayi, ndinakonza kukhosi.

"Abambo, mawuwo ndi circuit, anachokera ku Chilatini, ndipo amatanthauza kuzungulira. Woweruza akamayendera makhoti m'maboma, imeneyo ndi seketi. Abusa akamazungulira mipingo yawo, seketi. Msewu wa mpikisano wa galimoto, seketinso. Magetsi nawo amayenda chozungulira m'mawaya, njira ikaduka amathima."

(Estere ankandiyang'ana monyadira. Maso amenewo ndi amene anandipalamulitsa.)

"Amake Estere, tamvani! Mulungu watitumizira katswiri. Bweretsani mpando akwerepo."

Chibadwire ndinali ndisanagwirepo waya wamagetsi. Koma munthu utayankhula za Chilatini ungabwerere bwanji m'mbuyo? Ndinakwera, n'kutsegula kabokosi kapakhoma. Ndinaona mawaya awiri atatalikirana. Mumtima ndinati: njira yadukira apa, ndilumikize azungulire. Ndinawapotera pamodzi ndi pulayala.

"Yatsani switchi yaikulu!" ndinalamula.

Phuu! Moto unathetheka, ine chagada pathebulo la makapu a alendo. TV inafuka utsi. Firiji imene amayi ankaumitsiramo mafirizesi ogulitsa inalira kamodzi n'kukhala chete. (Nsidze zanga zinameranso patatha miyezi iwiri.)

Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo n'zimene zinawawa kwambiri. Amayi anangokhala pansi, dzanja patsaya. Estere analowa kuchipinda. A Makwinja anandipatsira jekete langa pakhomo.

"Aphunzitsi, ku Chilatiniko kulibe mawu oti 'sindidziwa'?"

Mawa lake anaitana bambo wina wa ku Biwi wokonza magetsi, munthu wosayankhulayankhula. Anakonza zonse. Anabweranso kudzaona ngati zili bwino, n'kubweranso kachitatu. Chaka chisanathe ndinamva kuti watomera Estere.

Ukwati wawo ndinaumvera kutali. Amene anapitako amati unakoma, zokuzira mawu sizinathime ngakhale kamodzi. Ndinaphunzira mochedwa kuti kudziwa kumene dzina la chinthu linachokera sikudziwa ntchito yake. Masiku ano babu ikapsa kwanga, ndimakagogoda kwa aneba.