Mafuta a Hatchi pa Bondo la Munthu

Mpaka lero, pa TV pakangooneka mahatchi akuthamanga, mkazi wanga amayamba kuseka mpaka kugwira m'mimba, ine n'kudzuka kupita kukhitchini ngati ndamva ludzu. Nkhaniyi ndakhala ndikuikwirira zaka zambiri, koma poti kumpingo kwathu ku Tottenham inafika kalekale, ndipo inafika itamera nyanga ndi mchira, kuli bwino muimve kwa mwini wake.

Chinali chaka changa chachitatu ku London. Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Edmonton: kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kunyamula. (Kwathu ku Ntcheu ankangodziwa kuti ndili "m'zachipatala", ndipo sindinaone chifukwa chowawongolera.) Kunyamula anthu kuja kunandisiyira mphatso. Bondo lakumanja linayamba kulira ngati chitseko chosowa girizi, moti ndikamakwera masitepe a basi anthu ankatembenuka. Mkazi wanga, yemwe ndi namwino weniweni, anandiuza kuti ndipite kwa dokotala. Ndinapita. Dokotalayo anayang'ana kompyuta yake nthawi yaitali kuposa bondo langa, kenako anati ndizimwa panado ndi kupumula. Kupumula! Ku London!

Pakati pa okalamba athu panali a Wilf, kankhalamba kochepa thupi, ka miyendo yamatewe, zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'makola a mahatchi ampikisano, ndipo nkhani ina iliyonse ankaikhotetsa mpaka ifike pa hatchi. Ukawafunsa ngati adya bwino, ankakuuza za hatchi ina imene inakana udzu mu nthawi ya nkhondo. Ana analibe, alendo sankabwera. Ine ndinkawakonda chifukwa ankandipatsa moni wautali ngati munthu wakwathu.

Mwezi wa Epulo manija analengeza za ulendo. Okalamba asanu ndi mmodzi apita kukaonera mpikisano wa mahatchi kumidzi, kungodutsa pang'ono msewu waukulu wozungulira London. Osati mipikisano ya anthu olemera ija, koma ya alimi, yochitikira m'munda mwa munthu. A Wilf anayamba kusita kapu yawo kutatsala sabata yathunthu. Wokankha chikuku chawo ndinali ine, ndipo mtsogoleri wa ulendo anali Sisita Mwape, namwino wochokera ku Lusaka, mayi amene sindinamuonepo akuseka ali pa yunifolomu.

M'mawa wa tsikulo bondo linadzuka litatupa. Ndikanati ndinene, manija akanatumiza munthu wina, ndipo ine chibadwire hatchi ndinali ndisanaione pafupi. Ndinaluma mano n'kupita kukawaveka a Wilf.

"Ukutsimphina mwendo wakumbuyo wakumanja," anatero akundiyang'ana ngati akufuna kundigula.

"Ndili ndi miyendo iwiri yokha, a Wilf."

"N'chifukwa chake uyenera kuisamala. Tseka chitseko. Tsegula dilowa ya pansi, kuseri kwa masokosi."

Munali botolo lofiirira, lolemera, lachivindikiro chadzimbiri. Pepala lake linali litafufutika, kungotsala mutu wa hatchi, nkhope ya bambo wina wandevu zambiri, ndi mawu onena kuti mafutawo ndi abwino kwa munthu ndi nyama yomwe.

"Masiku ano sapanganso," anatero a Wilf monong'ona. "Anthu anafewa. Awa anadzutsa mahatchi amene madokotala anali atawalephera. Kadontho kamodzi pachala, upake, basi. Wamva? Kamodzi."

Lamulo ndinkalidziwa bwino: mankhwala alionse amakhala m'kabati yokiya ya Sisita. Koma ine ndinaleredwa ndi bambo amene ankati mankhwala osaluma ndi madzi. Ndipo nditayang'ana nkhope ya bambo wandevu uja, ndinamukhulupirira kuposa dokotala wa pakompyuta.

Ndinalowa m'chimbudzi cha antchito. Apa ndi pamene nzeru zanga zinandipereka. Ndinaganiza kuti azungu amaumira chilichonse: mchere pang'ono, shuga pang'ono, moni theka. Ndiye mzungu akati kadontho, kwa ife ndi chikhatho. Ndinathira chikhatho chodzadza pabondo lodwala. Sindinamve kanthu, kungozizira bwino. Ndinathira china. Ndinaganizira bondo lamanzere kuti nalonso tsiku lina lidzadwala, ndiye ndinalipatsa lake. Chachinayi ndinapaka ntchafu ndi m'chiuno, poti anali atatsalira m'manja ndipo kutaya mankhwala ndi tchimo. Kenako ndinamanga bandeji mothina, ndinavala thalauzi lamkati lija la nyengo yozizira, pamwamba pake suti yanga yaukwati yabuluu. (Ndinali nditaona pa TV kuti kumahatchi anthu amatchena. Anzanga onse anabwera ndi jombo ndi majekete amvula.)

Mu minibasi ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chikuku cha a Wilf, pamwamba penipeni pa hita. Tisanatuluke n'komwe mu Edmonton, gogo wina wamkazi anakweza mphuno.

"Ndani akupenta?"

Fungo lake linali la parafini wosakaniza ndi mankhwala ophera njenjete, n'kuthiramo mkodzo wa mbuzi pang'ono. Maso a anthu anayamba kutuluka misozi.

"Ni chani chamene chinunkha so?" anafunsa Sisita Mwape akutembenukira kwa ine. "Ba Malawi, imwe simumvela?"

"Ndikumva patalipatali," ndinayankha.

Dalaivala anachita mantha kuti injini ikudontha. Anaimika galimoto pambali pa msewu n'kutsegula boneti. Ndipo ine, munthu wamkulu, dikoni wa mpingo, ndinatsika n'kukaima pambali pake, manja kumbuyo, kumathandiza kusuzumira mu injini.

"Zodabwitsa," anatero dalaivala uja. "Kunja kuno ndiye likumveka kwambiri."

"Mwina ndi mphepo," ndinatero.

Nditabwerera m'galimoto, a Wilf anandikodola. "Wapaka madontho angati?"

"Kadontho."

Anandiyang'ana, anayang'ana mabondo anga, kenako anakokera kapu kumaso. Mapewa awo ankagwedezeka.

Tinafika. Munda waukulu wobiriwira, magalimoto amatope ataima m'mizere, agalu paliponse, mahema ogulitsa masoseji ndi mowa, ndi abambo oima pamabokosi akukuwa mayina a mahatchi kwa ofuna kubetcha. Malo odumpha anawamanga ndi nthambi zouma. Kunali kokongola, ndipo kwa mphindi khumi zoyambirira bondo langa linali ngati la mwana. Ndinakankha chikuku pa udzu ndikuimba nyimbo ya kwaya chamumtima. Ndinafika poganiza zolembera kalata achimwene kumudzi kuwauza za mafutawa.

Kenako kunayamba kunyerenyetsa. Kukankha chikuku m'matope kumatulutsa thukuta, ndipo thukuta lija linadzutsa bambo wandevu uja. Kutentha kunayambira m'mabondo, ngati wina wayandikitsa mbaula. Posakhalitsa mbaula ija inalowa m'thalauzi. Ndinayamba kuyenda motangadza kuti nsalu isakhudze khungu.

Mayi wina wa chipewa cha nthenga anandiimitsa mwaulemu. "Pepani bambo, kodi nanunso mumakwera mahatchi? Ndaonera mayendedwe."

"Kwathu," ndinayankha, mano ali gwa.

A Wilf anafuna tikaone mahatchi pamalo amene amawazungulitsa asanathamange. Tinaima pampanda. Hatchi ina yofiira, yaitali ngati nyumba, inasiya mzere, inakoka mtsikana amene ankaigwira, n'kudzaika chimphuno chake pantchafu panga. Inanunkhiza, inapumira mwamphamvu, n'kuyetsemula pa suti yanga yaukwati.

"Yakuzindikira," anatero a Wilf akupukuta misozi. "Ikuyesa ndiwe wachibale."

Pamene mpikisano woyamba unkayandikira, mafuta aja anali atasungunuka n'kuyamba ulendo wawo. A m'chiuno ankatsika, a m'ntchafu ankakwera, ndipo anapangana kukakumana pamalo amene sitiwatchula pagulu. Amene munasendapo tsabola wa kambuzi kenako n'kudzikanda m'maso, chulukitsani zimenezo, ndipo musinthe malo. Ndinayang'ana kuzimbudzi: mzere wa anthu ngati pa chigayo. Ndinayang'ana hema la chithandizo choyamba: kutsidya lina la munda. Kumunsi, pafupi ndi ngolo zonyamulira mahatchi, ndinaona bafa lakale loyera lodzadza madzi, lomwera ziweto.

Ndinaimika chikuku pampanda pomwe a Wilf ankaona bwino, ndinamanga mabuleki onse awiri.

"Ndikubwera."

"Usakhudze madzi!" anakuwa a Wilf. Ine ndinamva ngati akuti fulumira kumadzi.

Sindinadziwe kuti nthawi yomweyo mbendera yoyambitsira mpikisano inali itatsika. Ndinaliyatsa liwiro m'mbali mwa mpanda, tayi ili kumsana, nsapato zosongoka zikumwaza matope, ndipo kumbuyo kwanga nthaka inayamba kugunda. Mahatchi ankabwera mbali yomweyo, iwo mkati mwa mpanda, ine kunja. Ndinamva chimkuzamawu chikutchula mayina a mahatchi mofulumira, kenako mawu aja anasintha.

"Ndipo kunja kwa mpanda, bambo wa suti yabuluu ndi amene akutsogola!"

Munda wonse unaphulika. Anthu ankaimba m'manja, ena kuimba mluzu, agalu awiri anandilondola. Mahatchi anandipitirira ngati mphepo, koma ndikufuna zidziwike kuti kwa masitepe angapo ndinali patsogolo, ndiponso ndi bondo lodwala.

Ndinafika pabafa lija n'kukhalamo, suti, nsapato, zonse. Kwa kamphindi ndinaona kumwamba kutatseguka. Kenako ndinamvetsa zimene a Wilf ankakuwa. Madzi sachotsa mafuta, amangowaperekeza kumene anali asanafike. Ndinalira mokweza m'Chichewa, ndinaitana amayi anga amene anali ku Ntcheu osadziwa kanthu.

Amene anandipulumutsa anali mayi wina wamtali wa jombo, dokotala wa mahatchi. Anaima pambali pa bafa, ananunkhiza kamodzi, nkhope yake n'kuwala.

"Mafuta amenewa ndinawamva komaliza kwa agogo anga! Mwawapeza kuti? Mwapaka ochuluka bwanji?"

Ndinamuonetsa chikhatho.

"Chimodzi?"

Ndinaimika zala zinayi.

"Bambo, hatchi yathunthu timaipaka theka la chikhatho."

Anandilowetsa m'ngolo ina, anatumiza munthu kukapempha mafuta ophikira kwa wogulitsa masoseji, anandipatsa sopo wotsukira mbale ndi chidebe, n'kutseka chitseko. Anati ndiyambe ndi mafuta ophikirawo, sopo pambuyo. M'ngolomo, kuseri kwa thabwa, munali hatchi ina yotuwa imene inaonerera zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ikutafuna udzu mosatekeseka. Sindinachitepo manyazi pamaso pa nyama ngati tsiku limenelo.

Ndinatuluka nditavala malaya, tayi, ndi bulangeti la hatchi m'chiuno ngati chitenje. Ndipo ndili m'njira kubwerera kumpanda, moto wa m'thalauzi utazima, unayaka wina m'mutu. Ndinali nditasiya wokalamba yekha pagulu. Pantchito yathu umenewo ndi mlandu wochotsa munthu tsiku lomwelo, ndipo dzina lako likaipa, nyumba zina zonse zimakutsekera zitseko. Kunyumba kunali ana awiri.

Sisita Mwape anali ataima pambali pa chikuku, manja atapinda pachifuwa. Anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kubulangeti.

"Ba Malawi. Mwasiya resident eka. Manje nizalemba chani mu report?"

Amene anayankha anali a Wilf.

"Ndinamutuma ine, Sisita. Ndinamuuza kuti athamange akaone ngati madzi a mahatchi ali oyera."

"Na thalauzi munamutuma kuti avule?"

"Ameneyo ndi mnyamata wakhama. Amachita zinthu mopitiriza."

Ndinaona mlomo wa Sisita ukunjenjemera. Anatembenuka, anayang'ana kumitengo nthawi yaitali, mapewa akugwedera. Atabwerera, maso ali ofiira, anati: "Nizalemba ati staff anagwa mu manzi. Koma botolo nifuna pa desk yanga lelo. Na imwe ba Wilf, osaseka, BP izakwela."

Anandibwereka thalauzi logonera la mizeremizere limene tinanyamulira okalamba pa zangozi. Ndinaonera mipikisano yotsalayo nditaimirira, poti kukhala kunali kosatheka, ndipo alimi angapo anabwera kudzandigwira chanza. Wina anandifunsa ngati chaka chamawa ndidzathamangenso kuti adzandibetchere.

Pobwerera mawindo onse anali otsegula. A Wilf ankangoyang'ana panja, kapu ili pamwendo, ndipo ndinkayesa akudandaula za botolo lawo. Tikulowa mu Edmonton anandigwira dzanja.

"Chimwalirire mkazi wanga sindinasekepo chonchi," anatero. "Botolo atenge. Lagwira ntchito yake."

Kunyumba, mkazi wanga anatsegula chitseko n'kubwerera m'mbuyo chifukwa cha fungo. Anandiyeza monga namwino, nkhope ili yantchito, ine ndikumufotokozera zonse, mpaka ndinafika pa hatchi yotuwa ija. Pamenepo anakhala pansi pakapeti.

"Bambo a Tadala, m'nyumba muno muli namwino wa satifiketi. Inu kukafunsa mankhwala kwa woweta mahatchi?"

Khungu linasupuka kwa masabata awiri, ngati njoka yofundula. Suti yaukwati inapita kubini. Koma tamverani izi: bondo lija silinalirenso chilimwe chonse. Mkazi wanga amati n'chifukwa choti thupi linali ndi zina zofunika kwambiri zoti lizidandaula nazo. Ine sinditsutsana naye, poti ndi wophunzira.

Ndinaphunzirapo kuti mankhwala amene pabotolo pake pali mutu wa nyama, uyambe wafunsa kuti nyamayo imalemera bwanji. Zimenezo ndimavomera pamaso pa aliyense. Koma pansi pamtima, ndikakhala ndekha, ndimaonabe kuti cholakwa chinali chikhatho chachitatu ndi chachinayi. Ziwiri zikanakwana bwinobwino.