Ndinakwera Mthuthuthu wa Mkamwini Chafutambuyo

Mlongo wanga, amene ankayenda ndi malole a ku Lusaka, anandichenjeza kuti, "Alongo, mukadzakwera mthuthuthu musadzaope za kutsogolo. Ngozi imabwera kumbuyo, mutaima pa maroboti." Mawuwo ndinawasunga, koma chiuno changa sichinawayamike.

Tinali titangolandira kumene ufulu pamene uthenga unafika ku Madzimoyo kuti mwana wanga Tereza wachira kuchipatala cha mishoni, koma alibe womudikirira. Basi inali itapita. Chotsala chinali mthuthuthu wa mwamuna wake, mphunzitsi.

Inu mukudziwa, mkamwini sitiyang'anana naye m'maso, ndipo tikakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Ndiye ine ndimugwire m'chiuno? Ndinakwera chafutambuyo, msana kumsana, manja pa chitsulo cha katundu. Ulemu ndasunga, kumbuyonso ndikuona. (Anansi anaseka, koma anansi anga amaseka ngakhale pamaliro.)

M'tauni munalibe maroboti masiku amenewo. Roboti yathu inali wapolisi wa magolovesi oyera, woima pamphambano. Anakweza dzanja, ife n'kuima pakatikati pa msewu, mphunzitsi maso ali pa dzanjalo ngati mwana wa sukulu.

Ine ndinaona lole ya thonje ikutsetsereka kumbuyo kwathu. Sinkachepetsa liwiro.

Ndinatsokomola. Mthuthuthu unameza chifuwacho.

Ndinayankhula mwaulemu, ngati ndikuuza mphepo: "Kaya eni njingayi akudziwa kuti kukubwera alendo?"

"Mwati bwanji, amayi?" anafunsa osacheuka, poti naye ndi woleredwa bwino.

Apo n'kuti ndikuona mano a dalaivala. Ndinaponya mkono kumbuyo, n'kumugwira lamba mkamwini wanga, n'kukuwa, "Thawa iwe! Tafa!"

Iwe! Kwa bambo wa mdzukulu wanga, tauni yonse ikumva.

Anakhotera kumbali molumpha, tonse n'kugubudukira mu ngalande, iye pansi, ine pamwamba pake, duku uko. Loleyo inakaima pamalo enieni amene tinali, mpaka wapolisi anadumpha ngati chule.

"Mabuleki, bwana! Mabuleki!" analira dalaivala.

Wapolisi anasuzumira mu ngalande. "Mayi, amuna anuwa ali moyo?"

"Ndi apongozi anga," anayankha mphunzitsi ali pansi panga, maso atatsinzina mwaulemu.

Amayi ogulitsa mtedza anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinadzuka, n'kumanga chitenje, n'kukweranso, ulendo uno choyang'ana kutsogolo, nditagwira malaya ake ndi manja onse awiri. Ulemu wake uti unatsala? Njira yonse iye ankangocheuka, ndipo tikaima ankaimira m'mphepete.

Tereza tinamupeza akuyamwitsa. Anayang'ana matope pa ine, matope pa mwamuna wake, n'kufunsa, "Mwachokera kuti inu awiri?" Ndinangolandira khandalo, lolemera bwino, mphuno ya kwathu.

Sabata yomweyo mkamwini anagula kalilole womangira pa chiwongolero. Akuti amaona zonse za kumbuyo. Ine kagalasi kosakwana chikhatho sindingakakhulupirire, choncho ndikakwera ndimacheukabe ndekha, ndipo iye amandifunsa, "Kuli bwanji uko, amayi?" Timacheza tsopano, zimene amayi anga akanakomoka nazo.

Chiunochi chimandikumbutsa kukachita mitambo, moti kumunda ndimapita mwa apo ndi apo. Mukamadutsa ku Madzimoyo mudzandizonde, mtedza ulipo. Koma muyambire odi patali, ndipo mubwere ndi dzina la amene anakubalani, ndidzafunsa.