Mroma wa ku Katowo

Mpaka lero ndikaona chinthu chofunditsidwa nsalu yoyera, manja ndimapisa m'thumba. Ndinaphunzirira ku Katowo, tsiku limene pakamwa pangapa panatsala pang'ono kundilanda mkazi.

Ine kwathu ndi ku Dedza, koma boma linanditumiza ku Rumphi kukaphunzitsa mbiri yakale. Ku koleji ndinkakonda kwambiri ziboliboli za Agiriki ndi Aroma, moti ndikangoona chithunzi cha mutu wosema ndinkatha kunena nthawi imene unasemedwa. (Luso limeneli silinandigulirepo ngakhale sopo, koma ndinkayenda nalo monyada.)

Ku Rumphiko ndinapeza Lusungu, namwino, mwana wa banja lolemekezeka mumpingo. Bambo ake anali atamwalira, ndiye mawu omaliza pa ukwati wathu anali ndi abambo ake aang'ono, amene ndinali ndisanawaonepo. Tinapita kwawo ku Katowo masana ena ndi a Mkandawire, mphunzitsi mnzanga, amene anali thenga wokandiyankhulira. M'njira anandilangiza kuti, "Ukafika ukhale pansi, uziyankha zimene wafunsidwa basi."

Anandikhazika pabalaza ndekha, iwo n'kupita kuseri kukaonana ndi akuluakulu. Makatani anali otseka. Kunja mphepo yafumbi inkagwedeza malata, koma m'nyumbamo munali zii. Kenaka ndinazindikira kuti sindili ndekha. Pakona, pamwamba pa kabati yaifupi, panali chinthu chofunditsidwa nsalu yoyera, cha mapewa ndi mutu, chitalunjika kwa ine. Ndikasuntha, ndinkaona ngati nacho chasuntha. Ndinachita mantha. Ndinachipatsa moni chapansipansi (inde, ndinachipatsa moni), koma sichinayankhe.

Munthu wanzeru akanangokhala. Ine ndinadzuka n'kuvundukula.

Unali mutu wa nkhalamba, woyera mbuu, wothera pachifuwa. Dazi, makwinya akuya pachipumi, masaya olowa, mphuno yobenthuka, maso osalala opanda mwanadiso. Mantha aja anabalalika. Ndinati amishoni akale anasiya chuma kuno, eni nyumba sakudziwa.

Kumbuyo kwanga chitseko chinalira. Ndinangoti ndi a Mkandawire, sindinacheuke.

"Akulu, taonani," ndinatero. "Uyu ndi Mroma. Agiriki ankakonda kusema nkhope zosalala, nkhalamba n'kumaoneka mnyamata. Okonda makwinya anali Aroma oyambirira. Ndevu alibe, maso sanawabowole, ndiye kuti mutu uwu unasemedwa Yesu asanabadwe."

Sanayankhe. Ndinaona ngati phunziro likulowa, ndiye ndinasonkhezera moto. Ndinatenga kiyi n'kukanda kuseri kwa khutu kuti ndione ngati ndi mwala. Kunatuluka fumbi la simenti, simenti yeniyeni ya m'thumba, koma sukulu inali itanditseka maso.

"Ndipo taonani mmene wafinyira milomo," ndinapitiriza. "Munthu wouma mtima ameneyu, woumira. M'nyumba mwake munalibe woseka. Anthu otere akamwalira, abale ankapuma."

"Yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka mawu amene sanali a a Mkandawire.

Ndinacheuka. Pakhomo panali pataima mutu womwe uja. Dazi lomwelo, makwinya omwewo, masaya omwewo, koma uwu unali ndi jekete, mphuno yathunthu, ndi maso amene ankandiyang'ana osaphethira. Ndinangopezeka ndagwada, nsalu ili m'manja. Sindinama, ndinaganiza kuti mwiniwake wabwera kudzatenga mutu wake.

"Ameneyo ndi mkulu wanga, bambo wake wa Lusungu," anatero mdalayo mwapang'onopang'ono. "Tikukamuika pachiliza chake. Chithunzi chabwino analibe, ndiye woumba wa ku Mzuzu anayang'ana nkhope yanga, poti tinkafanana. Mphuno inabenthuka pagalimoto, abwera kudzakonza ndi kupenta maso. Nsaluyo woyenera kuchotsa ndi mlamu wanga, tsiku lovundukula chiliza, abusa atapemphera. Ngakhale iye sanamuone. Mwayamba ndinu, alendo athu."

Kumbuyo kwawo a Mkandawire anali atagwira m'mutu. Amayi a Lusungu anali atatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope ya amuna awo tsiku lisanakwane. Lusungu ndiye ankangogwetsa misozi, ndipo apa mtima unandipweteka kuposa manyazi.

"Tsopano ndifunse," anatero mdala uja. "Wouma mtimayo ndi ndani? Mkulu wanga kapena ine?"

Funso limeneli ku koleji sitinaphunzire. Ndinati, "Ndimanena Aroma, bambo."

Sanaseke. Analanda nsalu ija, anafunditsa mutu uja mosamala, akunong'ona m'Chitumbuka ngati akupepesa munthu amene wadzutsidwa kutulo. Za ukwati sizinatchulidwenso tsiku limenelo. Ngakhale madzi akumwa sitinapatsidwe.

Potuluka, amayi a Lusungu anatiperekeza mpaka pampanda. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunditengera pambali.

"Mwana wanga, zoti m'nyumba munalibe woseka zija, anakuuza ndi Lusungu?"

"Ayi mayi, ndinangoona nkhope."

"Woumba uja ndi katswiri," anatero, n'kubwerera.

Ndi mayi amenewa amene anandimenyera nkhondo. Komabe sizinali zapafupi. Ndinapereka mbuzi yopepesera, kuchiliza sindinaitanidwe, Lusungu anakhala miyezi osandiyankha foni, ndipo a Mkandawire anati ntchito yokhala thenga aisiya mpaka imfa. Mvula inagwa, anthu anakolola, m'pamene abambo aang'ono aja anavomera. Paukwati anandigwira chanza n'kundifunsa ngati ndaona Aroma ena muholomo.

Chaka chatha tinalandira mwana wamwamuna. Anabadwa wopanda tsitsi, makwinya ali tho pachipumi, milomo atafinya. Kwa amayi ake amaseka, kwa agogo ake amaseka, koma ine ndikalowa amangondiyang'ana osaphethira, ngati akudikira kuti ndimalize zimene ndinkanena zija. Alendo akandifunsa kuti mwanayu watengera ndani, ndimayankha kuti ine za nkhope sindizidziwa.